Ndinali pa Mitala ndi Episkopi wa pa Kabati

Atamandike Yesu Khristu! Aaa, mwayankha ngati simunamwe tiyi. Ndati atamandike Yesu Khristu! Eya, tsopano ndamva.

Abambo mfumu, akatekisi, akuluakulu a mpingo, amayi anzanga a mphakati wathu wa ku Chitawira, ndi inu nonse abale ndi alongo, landirani moni wanga. Ndikufuna kuchitira umboni. Mundipirire, mawu anga ndi omwewa mukuwamvawa, okhadzula ngati chitseko cha dzimbiri. Amene mumandidziwa mukukumbukira kuti kale chimkuzamawu ichi sindinkachifuna. Ine ndine amake Tereza, wogulitsa kaunjika mumsika wa Limbe. Ndikatsegula belo n'kukuwa kuti yatsika lero, anthu a kudepoti ankatembenuka. Paukwati, paubatizo, nthungululu yoyamba inkachokera kwa ndani? Mwayankha nokha.

Amuna anga, abambo a Tereza, ali apo pafupi ndi zenera, aweramitsa mutu. Musawayang'anitsitse, angatuluke.

Abale anga, ine ukwati wanga wonse ndinali pa mitala. Abambo mfumu musadzidzimuke, ukwati wathu unadalitsidwa muno, mphete nayi. Koma m'nyumba mwathu tinalimo awiri olimbirana mwamuna mmodzi. Wina ndine. Winayo ndi episkopi woyera uja wa makandulo awiri, nkhoswe ya mphakati wathu, amene ana amangomutchula kuti woyera wa pakhosi.

Mukuseka? Sekani, koma ine zinkandipweteka.

Agogo awo aakazi a amuna anga anachokera ku Mozambiki wapansi. Anasiya mbuzi, anasiya mtondo, koma kachiboliboli kamtengo ka episkopi ameneyu anakakulunga m'chitenje n'kukabereka kumsana ngati mwana. Kutalika kwake ngati botolo la mafuta ophikira, chisoti chosongoka kumutu, ndodo ya ubusa m'manja, mphuno inabenthuka panjira. Ine pokwatiwa ndinakapeza kali kale m'nyumba, pamwamba pa kabati. Ndiye wamkulu m'nyumbamo ndani? Si amene ndinamupezayo?

Abambo a Tereza ndi telala, amasoka pakhonde la shopu ya mmwenye ku Limbe. Munthu wabwino, sindikunama. Mowa ayi, dzanja sanandikwezerepo, za akazi sindinamvepo. Koma pakamwa! Mawu awo a tsiku lonse kwa ine ankakwana m'chikhatho. "Mwadzuka bwanji." "Madzi osamba alipo?" "Ndapita." "Ndabwera." Basi, tsiku latha. Ndivale bwino, ziii. Ndiluke tsitsi, ziii. Ndiphike chambo, angodya n'kusamba m'manja.

Koma kukacha m'mawa, munthu yemweyo amagwada patsogolo pa kabati, n'kuyamba kunong'ona. Kunong'ona, kunong'ona, mpaka madzi osamba kuzizira. Nthawi zina kumagwedeza mutu, nthawi zina kuseka kumene. Kuseka, abale! Ine sanandisekerepo choncho. Ndikaona zimenezo mtima unkandiwira. Ndinkatsegula wailesi mokweza, kugwetsa mbale dala, kukalipira ana, n'kunyamuka kupita kumsika ndisanatsanzike. Zimene ankanong'onazo sindinkafuna n'kuzimva komwe. Ndinkati ndi mapemphero achipwitikizi a agogo awo, andithandiza chiyani ine.

Ndiye pali nkhani ya nsalu. Amayi, apa mundimvetse. Chaka chilichonse chikondwerero cha woyerayu chikamayandikira, amuna anga amagula kansalu kofiira, n'kumusokera mwinjiro watsopano. Ulusi wagolide m'mphepete, kamtanda kumsana, kusita ndi kusita. Ine ndinagula nsalu yanga yabwino, yobiriwira, ya maluwa oyera, n'kuwapatsa kuti andisokere diresi la kutchalitchi. Nthawi imeneyo Tereza anali ku pulayimale. Lero Tereza ali ndi ana ake. Nsaluyo inangokhala m'sutikesi. Ndikafunsa, yankho lake, "Tiona." Mkazi wa telala kumakasoketsa kwa telala wina ku Ginnery Corner, pamene mtengo ukusintha zovala chaka ndi chaka! Inu mukanatani? Ine popukuta fumbi pa kabati nthawi zina ndinkamutembenuza episkopiyo kuti ayang'ane kukhoma. Amuna anga akabwera ankangomutembenuzanso mwakachetechete, osandifunsa kanthu. Ngakhale mkangano weniweniwo ankandimana.

Chimene chinkandipsetsa mtima koposa ndi tsiku la mphakati. Munthu wosalankhula uja akapatsidwa mpata wofotokoza moyo wa woyerayu, lilime limamasuka ngati mtsinje wa Mudi nthawi ya dzinja. Ndaimva nkhaniyi mpaka ndinailoweza ndisakufuna. Akuti asanakhale episkopi anali wochiritsa odwala, kudziko lakutali la mapiri ozizira. Akuti itafika nthawi yozunza akhristu anakabisala kuphanga, ndipo zilombo zakutchire zinkabwera kwa iye zikavulala, n'kumadikira pakhomo la phanga mpaka amalize kupemphera. Alenje a mfumu ya dzikolo ndi amene anamupeza n'kumugwira. Ali panjira yopita kundende, mayi wina anamuponyera kumapazi mwana wake amene munga wa nsomba unamutsamwa pakhosi, akufa. Episkopi, ali womangidwa choncho, anaima n'kupemphera, mwana n'kupuma. Kundende kunali mdima, ndiye mayi wina wosauka amene iye anamuthandizapo anamubweretsera makandulo awiri. Pamapeto pake anamukhadzula thupi ndi zipeso zachitsulo, n'kumudula mutu, iye osakana Yesu.

Amuna anga akafika pa mwana uja misozi imalengeza m'maso. Amayi a mphakati kumati, "Koma amake Tereza muli ndi mwayi, bambo odziwa kulankhula chonchi!" Mumtima ndinkati, zilombo zakutchire zinkapeza wozimvera, ine mkazi wa mphete ndilibe.

Ndiye mukudziwa mwambo wathu wa mwezi wa February. Misa ikatha timafola, abambo mfumu atanyamula makandulo awiri opingasa, omangidwa ndi kansalu kofiira, n'kumatigunditsa pakhosi mmodzimmodzi, kutipempherera kuti Mulungu atiteteze ku matenda a pakhosi ndi zoipa zina. Wonyamula mtanga wa makandulowo chaka chilichonse ndi ndani? Abambo a Tereza. Ine pamzere umenewo sindinaimepo. Ndinkakhala pabenchi manja ndapinda. Anzanga akandikodola ndinkati, "Pitani inu, khosi langa lilibe vuto. Muno muli wondiposa mawu?" Zoona zake n'zakuti sindinkafuna kukaweramira mkazi mnzanga pagulu.

Tsono mvetserani. Sindikunena kuti woyera anandilanga, ayi. Abambo mfumu anandiuza kale kuti oyera sabwezera, ndipo matenda amagwira ngakhale ofola kutsogolo. Koma chaka chathachi khosi langa linayamba kutupa. Poyamba ndinkati ndikunenepa. Kenako mkanda wa kolona unayamba kundithina. Kumeza kuvuta, kugona chagada kubanika. Kuchipatala anati ndi chithokomiro, chakula, chikufunika opaleshoni.

Tsiku logonekedwa, amuna anga anabwera ndi chikwama. Ine ndimati muli zovala zanga ndi flasiki. Akutsegula, ndikuona chisoti chosongoka chikusuzumira. Mayo ine! Mpaka kuchipatala mkazi mnzanga wanditsatira! Ndinawauza wodi yonse ikumva kuti, "Mubweze kunyumba ameneyo, bedi ili ndi langa ndekha." Odwala anzanga anaseka mpaka anamwino kubwera. Abale anga, amenewo ndiwo anali mawu anga omaliza okweza.

Opaleshoni inayenda bwino, madokotala anagwira ntchito yawo, Mulungu awadalitse. Koma nditatsitsimuka, ndikuti ndiitane madzi, mphepo yokha. Ndiyesenso, mphepo. Adokotala anandifotokozera mwaulemu kuti zimachitika, mtsempha wa mawu uli pafupi kwambiri ndi pamene anagwirapo. Anati mawu akhoza kubwerera, akhozanso osabwerera. Tidikire.

Inu simukudziwa. Munthu wina mawu ndi mawu chabe. Ine mawu ndiye khasu langa. Ndinayesa kubwerera kumsika. Ndaima pa kaunjika wanga ndikukupiza malaya m'mwamba ngati wamisala, mnzanga woyandikana naye, amene kale ankamveka ngati udzudzu, akukuwa n'kumanditengera makasitomala anga ndikuona. Mu minibasi kondakitala kundipitiriza siteji chifukwa sindikutha kunena kuti nditsika. Muno m'tchalitchi, mwana wa mchemwali wanga akubatizidwa, nthungululu kuyambitsa munthu wina. Ndinalira, abale. Ndipo ngakhale kulirako kunalibe mawu.

Kunyumba ndiye kunali manda. Wosalankhula mwachibadwa ndi wosalankhula chifukwa cha matenda, kumangoyang'anana. Ndinayamba kuganiza kuti ukwati uwu unkayenda ndi pakamwa panga pokha, tsono pakamwapo patsekeka, watsala chiyani? Ndinkawaona amuna anga akundipatsa phala, akundichapira, koma ndinkati mwina mumtima akuti, tapumako.

Chifukwa cha bala lija sindinkatha kugona chogona, ndiye ndinkagona chokhala pampando wa pabalaza, pafupi ndi kabati. Tsiku lina m'mawa ndili maso koma zikope ndatseka, ndinamva abambo a Tereza akugwada. Wailesi sindikanatha kuifikira. Mbale zogwetsa panalibe. Wokalipira panalibe, mawu okalipira nawonso panalibe. Kwa nthawi yoyamba chikwatiwire, ndinamva zimene amanong'ona zija.

Si chipwitikizi, abale. Si mapemphero a m'buku. Chinyanja chathu chomwechi, ngati munthu akucheza ndi mnzake pa bawo.

Akuti, "Ambuye episkopi, mwadzuka bwanji. Amake Tereza dzulo anadyako pang'ono, mbatata anasiya. Akuonda, mwamuona? Nyumba yazizira, ambuye. Inu mukudziwa kuti ine pakamwa ndilibe, wondilankhulira ndi iyeyu. Tsiku lija ndinamuona koyamba padepoti akukalipira kondakitala, ndinabwera kudzakuuzani kuti ndapeza munthu. Munandithandiza, ndinamupeza. Tsono mundipempherere kwa Ambuye Yesu amubwezere mawu ake. Inu munaima panjira muli womangidwa chifukwa cha mwana wa eni. Imaninso pa uyu. Ngakhale akabwera mawuwo azindikalipira nawo, abwere basi."

Kenako anaseka kaphwete kaja kamene kankandipsetsa mtima. Akuti, "Nsalu yake ija ndinaitulutsanso dzulo. Ndagwira sizasi, koma nsaluyo n'kuibwezanso m'sutikesi. Inu ndikakukhotetserani msoko simudandaula. Koma iyeyu, ndikamuonongera nsalu yokongola ngati imeneyi, ndidzamuyang'ana bwanji? Amayenera telala woposa ine."

Mukuganiza kuti ndinasungunuka mtima? Mukuganiza kuti ndinati aleluya? Simukundidziwa! Nsanje imene inandigwira pampando paja sinandigwirepo chibadwire. Ndiye kuti mawu okoma analipo! Zaka zonsezi analipo, m'mawa uliwonse ankatuluka, koma ankapita pa kabati! Zanga zimenezo, abale, zanga, wina akundidyera ine ndili ndi njala m'nyumba momwemo. Ndinafuna kukuwa, mphepo yokha. Ndinangoluma chitenje, misozi ikuyenderera m'makutu, ndikunamizira kugona.

Kuyambira tsiku limenelo m'mawa uliwonse ndinkatseka maso n'kutchera khutu. Ndinamva kuti diresi limene ndinavala paukwati wa Tereza linandikhala. Ndinamva kuti chambo changa palibe wophika ngati ine mu Chitawira monse. Ndinamva kuti tsiku limene ndinabereka movutikira mwana wathu wachiwiri, munthuyu anagwada pa kabati osadya kanthu mpaka uthenga unafika. Zonsezi mwini wake ine kuzimva mwakuba, ngati ndikusuzumira pazenera la eni.

February atafika, mvula ikugwa tsiku limenelo, misa itatha anthu anayamba kufola. Ine ndinaimirira. Amayi a mphakati anagundana zigongono, ndinakuonani, musakane. Ndinalowa pamzere. Musaganize kuti ndinapita modzichepetsa kwenikweni. Ndinkayenda ndikumuuza woyerayo mumtima kuti, "Ambuye episkopi, ine ndi inu sitimwerana madzi, mukudziwa. Koma mwamva zanga zambiri, mukundidziwa kuposa mmene ndimadzidziwira. Sindikupempha mawu a kumsika. Sindikupempha nthungululu. Mundipemphere kwa Yesu mawu ochepa chabe, ndili ndi funso limodzi loti ndimufunse mwamuna ameneyu."

Nditafika kutsogolo, abambo mfumu anandigunditsa makandulo aja pabala penipeni. Anali ozizira. Pambali pawo amuna anga atanyamula mtanga, makandulo akugundana m'menemo. Anandipempherera, ine ameni wanga anali wa milomo yokha.

Ndinene zoona pamaso pa Mulungu, tsiku limenelo palibe chinachitika. Ndinabwerera kunyumba ndi mphepo yanga yomweyo. Mawa lake chimodzimodzi. Ndinapitiriza kupita kuchipatala, kuchita zimene anandiphunzitsa zoyeserera kutulutsa mawu. Ndinayamba kunena mumtima kuti mwaona, mkazi mnzako sangakupempherere.

Kenako m'mawa wina, Lenti itayamba kale, ndili pampando paja maso ndatseka, amuna anga agwada. Akuti, "Ambuye episkopi, munamuona pamzere paja? Anthu onse aja, wokongola analipo wina? Ine mtanga unatsala pang'ono kugwa. Mkazi ameneyu ine ndimamukonda, ambuye, inu nokha ndi amene mukudziwa."

Inu nokha ndi amene mukudziwa! Abale, chinachake chinandikwera kuchokera m'mimba, chotentha, chinafika pakhosi n'kuphulika.

"Ndiye muziuza iyeyo? Ine ndili pano!"

Anatuluka! Oipa, okhadzula, ngati chule wa m'ngalande, koma anatuluka! Amuna anga anagwa chokhala, kolona uko. Anandiyang'ana, anayang'ana pa kabati, anandiyang'ananso. Akuti, "Amake Tereza, mwalankhula?" Ine, "Ndalankhula, ndipo ndiyankheni. Zaka zonsezi bwanji osandiuza ine?"

Bambo wamkulu, wa imvi zake, analira ngati mwana. Atapukuta misozi anandiyang'ana n'kunena mofatsa muja amachitiramu, "Mayi, mumandipatsa mpata?"

Eee, ombani m'manja, abambo inu, ndakuonani mwakondwa. Ndinati, "Nawu mpata." Ndinatseka pakamwa ndekha, mawu ndili nawo, n'kudikira. Kunja ma minibasi akuimba mahutala, ana a sukulu akudutsa, ine duu. Munthuyo milomo ikugwedera, mawu osatuluka. Kenako anadzuka n'kulowa kuchipinda. Mtima wanga unagwa, ndinati basi, wathawanso.

Anatuluka ndi tepi yoyezera m'khosi, nsalu yobiriwira ija pamkono. Akuti, "Imirirani ndikuyezeni."

Ndinaimirira. Anandiyeza mapewa, anandiyeza mikono. Atafika pakhosi anaima, chala chawo chili pambali pa chipsera. Osayang'ana pa kabati, akuyang'ana ine, anati, "Nyumba inazizira, mayi. Musadzakhalenso chete."

Abale ndi alongo, diresi lake ndi ili ndavalali. Taonani. Nditembenuke? Msoko wa mbali iyi wakhota pang'ono, ndikudziwa, iwonso akudziwa, ndipo sindinanene kanthu. Episkopi chaka chino wavala mwinjiro wa chaka chatha, nayenso sanadandaule.

Nsanje ndiye sinathe, ndisakunamizeni m'nyumba ya Mulungu. M'mawa akagwada ndimakhala pomwepo pambali, ndipo ndinawauza kuti chilichonse chokhudza ine chiziyambira kwa ine, kwa episkopi chizipita chotsala. Koma fumbi la pa kabati ndimapukuta bwinobwino tsopano, ndipo kukhoma sindimutembenuziranso. Munthu amene anandisungira mawu a mwamuna wanga zaka zonsezi, osataya ngakhale amodzi, mpaka tsiku limene ndinakhala chete n'kuwamva, ndingamutche mdani?

Ndikuthokoza Mulungu Atate amene anandibwezera mawu. Ndikuthokoza Ambuye Yesu amene amamva ngakhale pemphero la munthu wokwiya. Ndikuthokoza episkopi woyera, nkhoswe yathu, amene anaimanso panjira chifukwa cha ine. Madokotala ndi anamwino, abambo mfumu, amayi a mphakati amene munkabwera ndi mkaka ndi nthochi, Mulungu akubwezereni.

Chatsala chimodzi. Adokotala akuti mawu olankhulira abwerera, koma okwera kwambiri aja mwina sadzabweranso. Ndayesa kubafa, ndayesa kuseri kwa nyumba, nthungululu ikukana. Ine amene ndinaimbira nthungululu maukwati anu, ana anu pobatizidwa, lero tsiku langa ndilibe yanga. Ndiye amayi anzanga, ndibwerekeni makosi anu. Imirirani nonse. Abambo a Tereza, inunso imirirani, musabisale, anthu aone telala wanga. Amayi, ikwereni mpaka malata agwedere, ine ndikhala chete ndimvetsere.